Loboti Yanga ndi Polishi wa Amayi

Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo sindinayambe lero. Anzanga kuntchito amandiseka kuti makina akawonongeka ndimayamba ndawakalipira kaye ndisanawatsegule. Nanenso ndimaseka nawo, nanga n'kutani. Koma iwo sadziwa kuti pakamwa pangapa ndi pamene panandipezera sukulu ndi ntchito imene ndikugwirayi, ndipo sadziwanso kuti panapweteka ndani kuti zimenezo zitheke.

Nthawi imeneyo ndinali fomu 3 pa sekondale ya boma yoyendera. Tinkakhala ku Chitawira, ine ndi amayi basi, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya eni ake. Makolo a amayi anachokera ku Mozambiki kalekale, kudzathyola tiyi ku Thyolo, ndipo amayi anabwera m'tauni ali mtsikana. Za bambo tisakambe, anatisiya ndisanayambe n'komwe sukulu. Amayi ankagwira ntchito yosesa ndi kukolopa pa sukulu ina yolipira ku Namiwawa, ya mpanda wautali wa njerwa ndi geti lachitsulo, kumene mwana amatsika m'galimoto chikwama atamunyamulira wantchito.

Munthu aliyense ali nacho chimene amanyadira. Amayi anga ankanyadira pansi. M'nyumba mwathu munalibe sofa, munalibe wailesi ya kanema, koma simenti yake inkawala moti mwini nyumba akabwera ankavula nsapato pakhomo popanda womuuza. Kukangomveka kuti kubwera mlendo, kaya ndi azimayi a kutchalitchi kaya ndi amalume ochokera ku Thyolo, choyamba sichinali kuganiza za ndiwo ayi. Choyamba chinali kugwada ndi chitini cha polishi, kupaka ngodya ndi ngodya, kudikira kuti aume, kenako kuponda burashi ndi phazi n'kumayenda nayo uku ndi uku mpaka thukuta kamukamu. Ankati mlendo akamalowa m'nyumba maso ake amakhala pansi, ndiye amakuweruza asanakupatse n'komwe moni. Ine ntchito imeneyi ndinkadana nayo, ndipo sindinkabisa.

Amayi ndiwo anandipezera malo m'kalasi ya maloboti. Tsiku lina akusesa mu ofesi anamva kuti bungwe lina la m'tauni lizibwereka holo ya sukuluyo Loweruka lililonse, kuphunzitsa ana kupanga timakina toyenda tokha, ndipo theka la anawo likhala lochokera m'masukulu a boma. Iwo sankadziwa kuti loboti n'chiyani. Chimene anamva bwino n'chakuti pamapeto pake adzasankha ana awiri oti apitirize maphunziro a zamakina, ndipo bungwelo lidzawathandiza mpaka ku koleji. Anachonderera mlembi wa mu ofesimo masiku angapo mpaka dzina langa linalowa pa mndandanda. Atafika kunyumba anandiuza asanatule n'komwe jumbo yawo.

"Malo ndi awiri okha," anatero. "Amodziwo ndi ako. Usakachite zachibwana kumeneko."

"Nanga ndikapanda kukazimva, amayi?"

"Iwe amene unaphwasula wailesi yanga uli sitandade 5? Ukazimva."

Tinalipo ana khumi ndi awiri, awiriawiri pa loboti imodzi. Wotiphunzitsa anali injiniya wachinyamata wa ku bungwe lija, osati mphunzitsi wa pasukulupo, ndipo tonse tinkangomutchula kuti Sala. Tsiku loyamba anatipatsa kakatoni gulu lililonse. M'katimo munali mateyala awiri achikasu, timamota tiwiri, mabatire, mawaya amitundumitundu ndi kabolodi kobiriwira kamene Sala ankati ndiwo ubongo wake. Munalinso timaso tiwiri toika kutsogolo, toyang'ana pansi. Kadiso kalikonse kamatumiza kuwala kosaoneka ndi maso a munthu, n'kudikira kuti kubwerere. Malo owala amakubweza kuwalako, malo akuda amakumeza. Choncho ukamata tepi yakuda pa simenti yotuwa, lobotiyo imadziwa pamene pali mzere, n'kumautsatira yokha. Ntchito yathu yonse ya milungu isanu ndi itatu inali imeneyo, kuti kanthu kameneka kazungulire mzere wakuda osasochera.

Anandiphatikiza ndi mtsikana wa pasukulu pomwepo, wa zikhadabo zazitali zopaka utoto. Sindimunenera zoipa, anali womasuka ndipo ankandigawira masangweji ake. Koma chowotcherera mawaya ankachiopa ngati njoka, ndipo sikuludiraiva ankaigwira ndi zala ziwiri. Iye kalasiyo inali yongotayitsa nthawi podikira dalaivala. Koleji yake inali itakonzedwa kale asanabadwe. Ine ndinalibe njira ina yopitira kumeneko kupatula mzere wakudawo, ndipo zinkandipsetsa mtima kumuona akuyasamula pamene ine mtima uli m'mwamba.

Sala sankadziwa kuti ndine mwana wa ndani, ndipo ine sindinauze munthu. Loweruka amayi ankagwira kumakalasi a ana aang'ono, kutali ndi holo, ndiye sitinkakumana. Tsiku lina anadutsa pawindo atanyamula ndowa ziwiri. Mnzanga uja anawaloza ndi chibwano.

"Anti awo ndimawafila bwanji. Akakolopa kalasi mumachita kununkhira ngati muhotela."

Ine ndinaweramira mawaya anga ngati sindinamve. Ndinadziuza kuti palibe amene wandifunsa, ndipo zinalidi choncho.

Loboti yathu inativuta poyamba. Ndinalumikiza kamota kamodzi chagada, ndiye titaiyatsa inangoyamba kuzungulira pamodzimodzi ngati galu wothamangitsa mchira wake, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Ndinapsa chala ndi chowotcherera, chipsera chake ndili nacho mpaka pano. Loweruka lina magetsi anazima tisanayambe n'komwe, jenereta ya sukulu anati si ya alendo, tinangokhala n'kumajambula mawaya papepala. Malamulo ouza loboti chochita ankalembedwa pa laputopu, ndipo anzathu a pasukulupo anali nawo malaputopu kwawo. Ine ndinkalemba malamulowo ndi bolopeni kumapeto kwa kope la Bayoloje, sabata yonse, kufufuta ndi kulembanso, kuti Loweruka ndikangofika ndizingokopera. Sala ataona kopelo anaseka, kenako anasiya kuseka n'kuliwerenga mpaka kumapeto.

Sabata yachisanu kateyala kachitatu, kakang'ono kochirikiza kumbuyo, kanathyoka, ndipo kena kunalibe. Ndinatenga botolo lotha la mafuta opaka m'khwapa, ndinalidula khosi n'kumata kampira kake pansi pa loboti. Kanagudubuzika bwino kuposa koyamba kaja. Mateyala achikasuwo ankaterereka pokhota, ndiye Lolemba pochokera kusukulu ndinakwera minibasi ya ku Limbe, ndinakapempha chubu chotha kwa bambo wina wokonza njinga kuseri kwa msika. Ndinadula timalegeni n'kukulunga mateyala onse awiri. Loweruka lotsatira Sala anainyamula loboti yathu m'mwamba kuti aliyense aone.

"Taonani iyi. Iyi ndi ya ku Limbe yeniyeni, yangotsala kondakitala."

Anthu anaseka, ine nkhope inatentha. Koma titaiika pansi inathamanga kuposa zonse, ndipo pokhota sinkaphonya. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kukhulupirira kuti malo amodzi aja ndi angadi. Amayi ankandifunsa Loweruka lililonse kuti kagalimoto kako kayenda bwanji lero, ine n'kumawayankha mwachidule ngati munthu wotopa ndi mafunso a ana. Ndinali nditayamba kale kudzimva.

Tsiku la chionetsero, lobwera alendo kudzasankha ana awiri aja, linali Loweruka lomaliza. Lachisanu masana Sala anatiitana kuti tikonzekere. Tinasuntha mipando, tinamata tepi yakuda pakati pa holo, mzere waukulu wokhotakhota wobwerera pamene wayambira. Simenti ya m'holomo inali yotuwa, yosawala, yongokolopedwa ndi madzi, ndipo timaso ta maloboti onse tinatichuna pa simenti imeneyo. Yathu inazungulira katatu osaphonya ngakhale kamodzi. Sala analongedza maloboti onse m'galimoto yake kuti asasowe, tinabalalika. Sanauze aliyense wa pasukulupo kuti pansipo pasakhudzidwe. Sizinamufikire n'komwe m'mutu. Anthu ngati iye amaganiza kuti pansi pamadziyeretsa pokha, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira pa chinthu chimenechi mtima umandiwawa.

Madzulo ake tikudya, amayi anandifunsa kuti alendowo afika nthawi yanji, ndi angati, akhala mbali iti ya holo. Ndinayankha ndili ndi chakudya m'kamwa, osaganiza kanthu. Sindinadziwe kuti anali atapempha kale mnzawo wina kuti asinthane, iwo akagwire ku holo tsiku limenelo. M'mawa ndikudzuka ndinapeza atapita kale. Anandisiyira tiyi m'fulasiki ndi yunifolomu yanga itasitidwa, ili pa mpando.

Ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, kenako wapansi kukwera mtunda wa ku Namiwawa. Ndisanalowe n'komwe m'holo, fungo linandilandira pakhomo. Fungo limenelo ndinakulira nalo, ndikanalizindikira ngakhale nditatseka maso. Nditasuzumira ndinaona pansi ponse pali waliwali, mawindo akuoneka m'simenti ngati m'madzi. Ndinadziwa kuti ndi dzanja la amayi. Ngodya zonse zinali zitapakidwa, ngakhale kuseri kwa chitseko kumene palibe amayang'anako. Tepi yathu sanaichotse, sanaisunthe ngakhale pang'ono. Anaipaka nayonso, mosamala, n'kuipukuta mpaka inayamba kunyezimira ngati nsapato ya wapolisi.

Ndinene zoona, panthawiyo za timaso ta loboti sizinandibwerere. Ndinangoti mumtima, amayi nawonso ndi polishi wawo. Kuyesa sitikanatha, chifukwa maloboti anali m'galimoto ya Sala, ndipo Sala anafika mochedwa pamodzi ndi alendo.

Alendowo analipo anayi, koma wofunika anali bambo wina wachikulire wa magalasi, mkulu wa bungwe lija, amene anali ndi kabuku kolembamo. Makolo a ana a pasukulupo anadzaza mizere iwiri ya mipando, mafoni ali m'manja. Pafupi ndi khomo panaima antchito atatu odikira kugawa tiyi. Wapakati anali amayi, atavala yunifolomu yawo yabuluu ndi duku latsopano limene ndinali ndisanalionepo. Maso athu atakumana anandimwetulira pang'ono, kenako anayang'ana pansi paja n'kundiyang'ananso, ngati akuti waona? Ine ndinatembenuka.

Sala ananena mawu ochepa, kenako anati tiyambe ndi loboti imene wakhala akuidalira. Anaitana ine ndi mnzanga uja. Ndinagwada, ndinaiika pa mzere, ndinadina kabatani.

Mateyala anazungulira pamalo amodzi kaye, akulira, osagwira pansi. Kenako loboti inachoka mwamphamvu, inafika pokhota poyamba, n'kudutsa mzere ngati palibepo chilichonse. Inalunjika kwa alendo, inalowa pansi pa mpando n'kukagunda nsapato ya mayi wina. Anthu anaseka, kuseka kwaulemu kuja kopweteka kuposa kwachipongwe. Ndinakaitenga, ndinaiikanso. Ulendo uno inapotoloka chammbali, inaterereka, n'kuyamba kuyenda mobwerera. Sala anakwinya nkhope, akukanda m'mutu. Mnzanga uja anasendera kumbuyo n'kunong'ona mokweza ndithu.

"Mawayatu unalumikiza ndiwe."

Ndinayang'ana bambo wa magalasi uja. Anali ataweramira kabuku kake, akulemba. Ndinaona milungu isanu ndi itatu, chala changa chopsa, kope langa la Bayoloje, zonse zikulowa m'kabukumo ndi mzere umodzi wa bolopeni. Nthawi yomweyo maso anga anagwera pa tepi yonyezimira ija, ndipo zonse zinamveka. Tepi yowala imabweza kuwala ngati simenti yowala. Kwa timaso tija panalibenso chakuda kapena chotuwa, ponse panali pofanana. Mutu unanditentha. Ndinaimirira.

"Vuto si loboti yanga ayi! Vuto ndi pansipa! Munthu wina wopanda nzeru wapaka polishi pamzere, timaso sitikuona kanthu!"

Ndinakuwa, sindinalankhule.

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti mawuwo anangotuluka, kuti sindinkaganiza. Limenelo ndi bodza. Ndinkadziwa bwinobwino amene wapaka polishiyo, ndinkadziwa pamene aima, ndipo ndinanenabe. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti panalibe chifukwa. Ndikanangotseka pakamwa mphindi zisanu, loboti yachiwiri ikanaterereka chimodzimodzi, yachitatunso, ndipo Sala akanazindikira yekha. Akanaseka, akanati tisamukire pakhonde, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ine ndinkafuna kuti bambo uja asiye kulemba nthawi yomweyo.

Sala anagwada, anapititsa chala pa tepi, anachinunkhiza.

"Akunena zoona," anatero. "Ndi polishi."

Pasukulupo panali mayi wina woyang'anira antchito, wa makiyi ambiri m'chiuno, amene amayi ankamutchula kuti Madamu ngakhale tili kunyumba. Anadzuka pampando wake nkhope itasintha, chifukwa manyazi a sukulu pamaso pa alendo anali akugwera iye.

"Wakonza muno m'mawa uno ndani?"

Amayi anaika thireyi patebulo. Anabwera kutsogolo pang'ono, manja ali kumbuyo.

"Ndine, Madamu."

"Anakutumani ndani kuti mupake polishi?"

"Palibe, Madamu. Ndimati poti kukubwera alendo…"

"Mumati! Inu ntchito yanu ndi kuganiza? Mwaona zimene mwachita? Ana avutika miyezi iwiri, inu n'kudzawononga m'mawa umodzi. Katengeni madzi otentha muchotse zonsezi, pompano."

"Pepani, Madamu. Pepani nonse."

Sanandiyang'ane. Anatuluka, ndipo posakhalitsa anabwera ndi ndowa yofuka nthunzi, sopo waufa ndi kawaya kokwechera mapoto. Sala anamatula tepi ija. Madamu analengeza kuti alendo ayambe amwa tiyi podikira, ndipo poti matebulo a tiyi anali m'holo momwemo, palibe anatuluka. Anthu anaima m'magulumagulu m'mbali mwa khoma, makapu m'manja, akucheza za mitengo ya mafuta ndi za mayeso a ana awo. Pakati pawo amayi anga anagwada n'kuyamba kukwecha polishi amene anamupaka okha m'mawa umenewo.

Polishi sachoka msanga, makamaka wopakidwa ndi munthu wodziwa. Ankathira madzi, kukwecha, kupukuta ndi chikolopa, kusendera kutsogolo ndi maondo, kuthiranso. Mnzawo mmodzi anasiya kugawa tiyi n'kudzawathandiza kusintha madzi. Duku latsopano lija linayamba kutsetsereka, ankalikankha ndi mkono chifukwa manja anali a sopo. Yunifolomu inanyowa mpaka m'ntchafu. Bambo wina anasuntha phazi kuti adutse, osasiya nkhani imene ankakamba.

Ine ndinaima pafupi ndi windo nditakumbatira loboti yanga. Panali chikolopa china m'ndowamo. Ndinachiona. Ndikanatha kuika loboti pansi, kugwada pambali pawo, ntchito imene ndinkaidziwa kuyambira ndili wamng'ono. Koma ndinangoima pomwepo. Mnzanga uja anandibweretsera kapu ya tiyi ndi bisiketi, akuti pepa ndinakunamizira, ndipo ine ndinalandira n'kumwa. Ndimakumbukira kuti anali ndi shuga wambiri.

Zinatenga pafupifupi ola lathunthu. Pansi patauma panabwerera kutuwa kwake, mwinanso kuposa kale, pokhala ndi mikwingwirima ya kawaya kaja. Sala anamata tepi yatsopano. Anandiitananso. Ndinaiika loboti pa mzere, ndinadina kabatani, ndipo inanyamuka bwinobwino, inakhota poyamba, inakhota pachiwiri, timalegeni ta ku Limbe tikugwira pansi, kampira kakumbuyo kakugudubuzika. Inazungulira mzere wonse n'kudzaima pamene inayambira. Anthu anaomba m'manja, ena anaimirira, mafoni akujambula. Maloboti enawo anayenda pambuyo pake, ena bwino, ena mokayikakayika, imodzi inafera panjira. Palibe inafika pa yathu.

Pomaliza bambo wa magalasi uja anaimirira ndi kabuku kake. Anati kupanga loboti yoyenda n'kwabwino, koma si chimene iye anabwerera. Anati iye amafuna mwana amene zinthu zikasokonekera sataya mtima, amapeza vuto msanga, ndipo amalinena mosaopa munthu. Anati lero waona mwana woteroyo ndi maso ake. Anandiloza. Anati ameneyu ndi injiniya kale, changotsala ndi mapepala. Anthu anaombanso m'manja. Ndiye kuti sanandisankhe chifukwa cha timalegeni, kapena kope la Bayoloje, kapena chala chopsa. Anandisankha chifukwa cha mawu aja. Wachiwiri anali mnyamata wina wa ku Kanjedza, wofatsa, amene loboti yake inayenda pang'onopang'ono koma osaphonya.

Anatiitana kutsogolo, anatigwira chanza, anati maloboti athu titenge akhale athu. Mnzanga uja anati nditenge ine, iye alibe poiika. Kenako bamboyo anatipatsa pepala aliyense.

"Ili asayine kholo, libwere Lolemba. Kapena ngati kholo lilipo pano, tithane nazo lero lomwe."

Bambo ake a mnyamata uja, dalaivala wa malole wovala kofia yoyera, anabwera akumwetulira mano onse, anasayina pomwepo, anajambulitsa ndi mwana wawo. Kenako bambo wa magalasi anatembenukira kwa ine.

"Nanga iwe, mwana wanga? Mayi kapena bambo abwera?"

Amayi anali pakhomo, mapazi ochepa kuchokera pamene ndinaima, akufinya chikolopa m'ndowa. Anasiya kufinya. Sanadzutse mutu, koma manja anaima, ndipo ndinadziwa kuti akumva.

Ndikanati ndi awo, holo yonse ikanadziwa kuti munthu wopanda nzeru uja ndi ndani kwa ine. Akanadziwa kuti ndinamwa tiyi mayi anga akukwawa patsogolo panga. Sindinkaopa kuti andilanda malowo. Ndinkaopa nkhope zawo, mmene zikanasinthira.

"Ayi," ndinatero. "Sanabwere."

"Chabwino, ukawapatse moni. Ukawauze kuti alera bwino."

Ndinamva madzi akuyambanso kudontha m'ndowa.

Anthu atabalalika ndinakadikira kunja kwa geti, pansi pa mtengo wa jakaranda. Magalimoto anatuluka imodziimodzi. Sala anandiimikira, anati andiperekeze mpaka m'tauni, ndinakana. Ndinakonza mawu ambiri m'mutu. Ndinati ndinena kuti sindimadziwa kuti ndi inu. Ndinati ndinena kuti ndinasokonezeka. Ndinatinso mwina ndiyambe ndine kukalipa, ndiwafunse kuti anawatuma ndani, chifukwa kukalipa ndiko ndinkakudziwa bwino. Dzuwa linali litapendeka pamene anatuluka, atamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu yonyowa ija, jumbo ili m'manja.

"Amayi," ndinayamba.

"Pepala lija lili kuti?"

Mawu awo anali abwinobwino, osakwiya, osanjenjemera. Ndinalitulutsa m'thumba la malaya. Anaika jumbo pansi, anapukuta manja pa chitenje kawiri konse ngakhale anali ouma, kenako anapita pa kawindo ka alonda.

"Achimwene, tandibwerekaniko bolopeni."

Anatsamiritsa pepalalo pa khoma la mpanda. Zala zawo zinali zitayera ndi kukwinyika chifukwa cha madzi otentha, ndipo chimodzi chinali chitachekeka ndi kawaya kaja. Anachipinda kuti chisadetse pepala. Amayi sukulu analekezera sitandade 4, dzina lawo ankalemba chilembo chimodzichimodzi, lilime lili pakona pa mlomo. Anandifunsa kuti alembe pati, ndinawalozera. Analemba pang'onopang'ono mpaka kumaliza, anauzira inki ngakhale inali ya bolopeni, anabweza bolopeniyo kwa alonda n'kuthokoza.

Kenako anatembenukira kwa ine. Sanandiponyere pepalalo, sanalipinde n'kundilowetsera m'thumba ngati mmene ankachitira ndi makalata a kusukulu. Analigwira ndi manja awiri, anapinda maondo pang'ono, maso ali pansi, n'kundipatsa mmene ankaperekera zinthu kwa Madamu.

Ine ndinalandira ndi dzanja limodzi, chifukwa linalo linali litanyamula loboti.